Ndodo ya Malegeni

Amuna anga anali kadi. Ankanyamulira mabwana zikwama za ndodo pa bwalo la gofu la kukalabu, ine ndikuthyola tiyi m'minda ya esiteti. Anamwalira mvula itangosiya. Pa tsiku losudzula, abale awo a ku Khonjeni anatenga njinga, wailesi ndi jekete. Ndodo ya gofu anaisiya kuseri kwa chitseko chifukwa sanaidziwe ntchito yake. Inali imodzi yokha, ya mutu wachitsulo, yomwe bwana wina anawasiyira pochoka. Chogwirira chake chitaperepeseka, amuna anga anachikulunga ndi malegeni, namanga mfundo yokhota kumapeto.

Chaka chilichonse nyengo ya chiperoni, kunja kwa dziko kumachitika mpikisano waukulu wa gofu m'mphepete mwa nyanja. Makadi ankaonera pa kanema wa kukalabu ataima pawindo. Amuna anga akabwerako ankandifotokozera zonse ngakhale ndisanafunse. Ankati mpikisanowo ndi wakale kuposa tiyi wa ku Thyolo, unayamba ndi anthu ochepa, ndipo wopambana ankalandira lamba asanayambe kupereka chikho chasiliva chonga jagi. Opambana ankawatchula mondondoza ngati akutchula makolo awo: uyu anatenga kawiri motsatizana, uyu anatsogola bwinobwino n'kudzagwa pa dzenje lomaliza mpira utalowa m'kamtsinje. Ine chinkandivuta n'chakuti wopambana ndi amene wamenya kochepa. Kwathu kusikelo amatama wodzaza dengu. Ndinkati masewera otama wogwira ntchito yochepa ali ndi chinyengo penapake, iwo n'kumaseka.

Chiperoni cha chaka chomwe anamwaliracho, Lamulungu nditangochokera kutchalitchi, kunafika bambo wina wamtali wovala kapusi yoyera. Pamaliro ndinamuonapo, koma nthawi ya chakudya yokha.

"Odi, alamu! Mwatsala bwanji?"

"Ndilipo. Kaya ndinu ndani?"

"Aa, alamu, mpaka kundiiwala? Tinkanyamula limodzi ndi malemu. Paja mpikisano uja ukutha lero. Ife makadi tili ndi mwambo wathu. Mnzathu akatisiya, tsiku lotha mpikisano timatenga ndodo yake, kumenya mpira umodzi kulowetsa m'tiyi, osakautolanso. Ndiko kutsanzikana kwathu. Ndibwerekeni, ndibweza dzuwa lisanalowe."

Pakamwa pankayankhula ndi ine koma maso anali ku chitseko. Anadziwa bwanji pomwe imakhala? Komanso amuna anga, omwe ankandiuza ngakhale za mphepo ya kunyanja ya eni ake, sanatchulepo mwambo umenewu, chonsecho makadi anzawo ena anamwalira iwo ali moyo. Ndinali nditamva kuti ndodo zotere zimagulidwa mu Limbe. M'nyumba monse, chomwe chinatsala ndi thukuta la manja awo chinali chimenechi.

"Ndodoyi siyenda yokha," ndinatero. "Ndipita nayo."

"Kukalabu salola munthu wamba, alamu."

"Ndiye mukamenyere kumsewu. Tiyi ali paliponse."

Anaseka mouma. "Malemu ankanenadi kuti anakwatira kapitawo."

"Ananena zoona."

Ndinatseka nyumba, ndodo ndinaikulunga m'chitenje, ndipo ndinkayenda m'mbuyo mwake. Njira yonse ankayankhula yekha za amene akutsogola ku mpikisano, ati wachinyamata wina wapanikiza akuluakulu. Ndinkangoyang'ana chikwama chong'ambika chomwe anakoleka paphewa, momwe munali ndodo zina zofanana ndi yanga.

Kumapeto kwa bwalo, pomwe udzu wometa umakumana ndi mizere ya tiyi, panali makadi ena akuotha kadzuwa. Atationa anayang'anana. Wamtaliyo anapita kukawanong'oneza, ndipo ndinaona kuti akuwafotokozera chinthu chomwe amayenera kuchidziwa kale. Mmodzi wa imvi, yemwe ankabwera kudzazonda amuna anga akudwala, anaimirira navula chipewa. Enawo anatsatira.

Ndinapereka ndodo. Wamtaliyo anaika mpira pansi, anapotokola thupi, namenya. Kampira koyera kanakwera, kanakwera, n'kukasowa m'nkhungu pamwamba pa tiyi. Mtima unandiwawa, chifukwa kulira kwa chitsulocho ndinkakumva m'mawa uliwonse amuna anga akamayeserera kuseri kwa nyumba. Koma maso sindinatseke.

Anapukuta mutu wa ndodo pa buluku, n'kuilowetsa m'chikwama pakati pa zinzake.

"Ndikaitsuke kaye, alamu."

"Ndili ndi madzi kunyumba."

Anasolola imodzi n'kundipatsa. Chogwirira chake chinali chosalala.

"Ya malegeni," ndinatero.

"Aa, pepani, zimafanana."

"Kwa inu."

Anatulutsa yanga. Ndinapapasa mfundo yokhota ija ndi chala, inali pomwepo. Nthawi yomweyo wina anakuwa kukalabu kuti osewera a pa kanema afika pa mayenje omaliza, ndipo onse anathamangira kuwindo, kupatula wa imvi uja.

"Bambo, mwambo umenewu ulipodi?" ndinawafunsa.

Anavala chipewa chawo pang'onopang'ono. "Mayi, ine ndauona lero. Koma mpira uja wapita bwino."

Amene anatenga jagi chaka chimenecho sindikumudziwa, palibe woti andiuze. Ndodo ndinabwera nayo. Kuseri kwa chitseko ndinaichotsako, ndipo pomwe ili tsopano sindiuza munthu.