Chipsera cha pa Mkono wa Mkazi Wanga

Mkazi wanga anali ndi chipsera pa mkono wamanzere, kuyambira pachigongono kutsikira kudzanja. Anakulira kwa masisitere kumishoni ina kufupi ndi Chipata, ndipo za kwawo ankadziwa zochepa: kuti amayi ake anapsa m'balani ya fodya pafamu ya mzungu chaka cha dzombe, iye ali wamng'ono. Dzina la famuyo sankalidziwa. Zaka zonse tinakhala ku Chamboli, mumzinda wa Kitwe, sitinafufuze. Tinkati abale athu ndi mpingo.

Anamwalira dziko litangolandira ufulu, n'kundisiyira mwana mmodzi wamkazi. Mwanayo atakula anafunsiridwa ndi mnyamata wa ku Mindolo, wogwira ntchito pansi pamgodi. Masiku amenewo mkuwa unali pamtengo, ndipo mnyamatayo anali atagula kale njinga ndi wailesi. Anali waulemu. Abambo mfumu anali atayamba kulengeza ukwatiwo m'tchalitchi pamene amayi a mnyamatayo, amasiye ngati ine, anabwera kudzaona pakhomo pamodzi ndi iye ndi ankhoswe.

Tikumwa tiyi, amayiwo anandifunsa kuti, "Nanga kwawo kwa amake mwanayu kunali kuti?"

Ndinawauza zochepa zomwe zija. Anaika kapu pansi.

"M'balani? Chaka cha dzombe?" Anayang'ana mwana wanga kumaso nthawi yaitali. "Amayi anga anapsa m'balani chaka chimenecho. Tinali awiri. Ine ananditenga azakhali. Mng'ono wanga sindinamuonenso."

Nkhoswe wathu, mkulu wa kumpingo, anaseka. "Amayi, mabalani anapsa ambiri kummawa kuja. Azungu ankangosonkha moto ngati akuwotcha njerwa."

"Mayo, lekeni," anatero mnyamatayo m'Chibemba, ngati kuti chinenero china chitha kuitseka nkhaniyo.

Koma tonse tinadziwa chimene chanenedwa. Asuweni amakwatirana. Ana a akazi awiri obadwa mimba imodzi sakwatirana, pakuti ndi munthu ndi mlongo wake. Malume woti timufunse panalibe. Amayiwo ankakumbukira chinthu chimodzi chokha, dzina la mtsinje umene unkadutsa pafamupo. Chilengezo chomaliza chinali Lamulungu likubweralo.

Ine ndinali kalaliki kusitolo ya mgodi ndipo Chingerezi ndinkawerenga. Ndinapempha tchuthi n'kukwera basi ya ku Ndola, kumene ndinamva kuti kumasungidwa nyuzipepala zakale za azungu, zomangidwa ngati mabuku akuluakulu. Woyang'anira chipindacho anandifunsa dzina la womwalirayo. Nditati sindilidziwa, anati, "Mwachita mwayi, bambo. Nazonso sizilidziwa."

Ananena zoona. Ndinawerenga za ngolo yogubuduzika pamlatho, za wantchito woduka dzanja pachigayo, za mphezi yopha ng'ombe m'khola. Ng'ombezo ankazitchula mtundu wake. Munthu wakuda ankangoti wantchito wina. Mapepala anali ofumbwa m'mphepete, ndipo ndinkatembenuza pang'onopang'ono ndikupemphera, ngakhale sindinadziwe chimene ndikupempha. Ndinapeza balani imodzi yopsa kutali ndi mtsinje uja, mopanda imfa. Mtima unatsika. Ndinaganiza zoimira pomwepo, koma ndinapitiriza.

Nkhaniyo inali pansi pa tsamba, pambali pa malonda a mapulawo. Inayamba ndi fodya amene mwini famu anataya. Inatchula mtsinje. Kumapeto inati mkazi wina wantchito anafera m'motomo, nasiya ana aakazi awiri, ndipo wamng'onoyo, amene anapsa mkono wamanzere, anaperekedwa kwa masisitere.

Ndinaiwerenga mobwerezabwereza mpaka woyang'anira uja anandifunsa ngati ndikudwala. Mkono umenewo ndinaugwira zaka zambiri. Ndinaupaka mafuta nthawi yozizira, pamene khungu linkang'ambika.

M'basi yobwerera ku Kitwe, ganizo lina linakhala nane pampando. Panalibe wina amene akanapita kukatsegula mabuku aja. Ndikanangoti sindinapeze kanthu, nkhoswe akanasekanso, ukwati n'kuchitika. Ndinatulutsa kolona, koma sindinapitirire mkanda woyamba.

Ndinapeza mwana wanga akuanula zovala. Anandiona ndili pampanda, naima ndi nsalu m'manja.

"Atate, mwapeza?"

"Ndapeza, mwanangu. Amayi aja ndi amayi ako aakulu."

Anapinda nsaluyo bwinobwino, naipindanso. "Pepalalo lili ndi dzina la amayi?"

"Lilibe."

"Ndiye mwadziwa bwanji?"

"Lili ndi mkono wawo."

Anandiyang'ana ndi maso ouma. "Mukanati simunapeze, akanadziwa ndani?"

"Ine," ndinatero. Analowa m'nyumba natseka chitseko, ine n'kuuyamba wa ku Mindolo wapansi, kenako kwa abambo mfumu.

Lamulungu lija dzina la mwana wanga silinamveke m'tchalitchi, ndipo anthu anatembenuka kutiyang'ana. Mnyamatayo anapempha kusamukira kumgodi wina. Madzulo a Lamulungu lomwelo amayi ake anabwera atavala chitenje chakuda, nati, "Alamu, ndiperekezeni kwa mng'ono wanga." Aka kanali koyamba munthu kunditchula choncho.

Kumanda anagwada nayamba kuzula udzu ndi manja, akulankhula ndi mtanda ngati ndi mwana wamng'ono. Mwana wanga anatitsatira, koma anaima patali pansi pa mtengo. Amayiwo anatukula mutu namuitana kuti, "Bwera kuno, mwanangu."

Tsiku limenelo sanabwere. Ndi ine sanalankhule mpaka mvula itagwa. Koma pamene anadzakwatiwa ndi munthu wina patapita zaka, amene anakhala pambali pake kumulangiza anali amayi ake aakuluwo.