Kukasaka Raki ya Galimoto kwa Mavwere

Lachinayi ndinanyamuka pa Boma cha m'ma 6 koloko m'mawa, chikwama cha masipanala chili kumsana, paphewa nditasenza chitsulo chokulunga m'thumba la feteleza. Chitsulo chimenechi amakanikafe timati raki. Ndi chija chimakankha matayala akutsogolo mukapotokola chiwongolero, mothandizidwa ndi oyilo kuti manja asavutike.

Rakiyo ndinaichotsa m'galimoto ya a Tembo, mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito. Ndi kagalimoto kofiira, ka zitseko ziwiri, kotsika ngati kakukwawa, kaja anthu ankathamangitsa kale. Raki yake inkataya oyilo, ndipo nditaitsegula ndinapeza dzimbiri litadya m'kati moti kusintha timphira sikukanathandiza. A Tembo anadwala sitiroko, dzanja lamanzere linafooka, chiwongolero cholimba sangachithe. Ana awo anali atanena kuti mwezi ukatha galimotoyo isanakonzeke, aigulitsa kwa ogula zitsulo. Ndinafunsa raki ina ku Lilongwe ndi ku Chipata, osaipeza. Kenako dalaivala wina anandiuza kuti kwa Mavwere kuli galimoto yofanana nayo, yongoima pakhomo pa mayi wina wamasiye. Raki yowonongekayo ndinaitenga kuti ndikayerekeze.

Kondakitala wa minibasi anati kukatsika pa Waliranji ndi K4,000, kenako n'kuyang'ana thumba lija.

"Nanga katunduyu, bwana?"

"Ameneyu ndimufukata, salipira."

Mayi wina amene ndinakhala naye mpando umodzi anasendera kuwindo. "Bambo, si mfuti imeneyo?"

"Ikanakhala mfuti, mayi, kondakitalayu sakananditchulira mtengo umenewu."

Basi yonse inaseka, kupatula kondakitala. Pa Kamwendo tinaima theka la ola kudikira matumba a mtedza omwe mwiniwake anali asanamalize kusoka. Ndinagula mandasi awiri a K500, olimba kuposa timphira tina timene ndimagulitsa.

Pa Waliranji ndinatsika 9 koloko isanakwane. Wa njinga yamoto amene ndinamupeza pamenepo anali bambo wa ku Mulanje, amene anabwera kudzalima fodya pa esiteti zaka zambiri zapitazo n'kukhazikika. Sindinamalize n'komwe kulongosola.

"Kwa a Nabanda, kwa galimoto yosayenda? K5,000. Koma mukubwerako chimanjamanja, achimwene. Ndapititsako anthu atatu ine."

"Tiyeni mukandisiye, mudzanditenge 3 koloko. Mubwere ndi chingwe chomangira katundu."

Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ikuulutsa fumbi m'minda yokolola kale, zigafa zili mbee. Raki inkandigunda m'nthiti pa bampu iliyonse.

A Nabanda tinawapeza akusenda mtedza pakhonde. Galimoto inali pansi pa chisakasa chaudzu, yabuluu, yokwezedwa pa njerwa, yopukutidwa bwino kuposa zambiri zimene zikuyenda mumsewu. Titapatsana moni anandiuza kuti amuna awo anali kapitawo pa esiteti, ndipo mwini esitetiyo anawasiyira galimotoyo pochoka. Injini inafa, patapita zaka ziwiri nawonso anamwalira.

"Amabwera ambiri," anatero. "Uyu magetsi, uyu mipando. Akufuna andisiyire chigoba."

Ndinawafotokozera za a Tembo ndi dzanja lawo. Anamvetsera osasiya kusenda.

"Mukachotsa chimenecho, pakhala chiyani?"

"Pakhala popanda kanthu, mayi. Tayala lililonse liziyang'ana kwake."

"Ndiye ayi, bambo. Pepani."

Sindinadandaule, chifukwa funso lawolo linali litandipatsa nzeru. Ndinamasula thumba lija n'kugoneka raki yowonongekayo pamphasa.

"Nanga ndikaikapo iyi? Oyilo siisunga, koma matayala igwira, chiwongolero chizikhota monga kale."

Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako n'kuikhudza ndi chala. "Galimoto yangayi siidzayendanso, ndikudziwa. Chomwe sindifuna n'choti izioneka ngati yaberedwa. Muikemo bwinobwino, ndikuona."

Anatchula mtengo, ine sindinanenerere.

Ndinalowa pansi cha m'ma 11. Mabawuti anayi anamasuka mosavuta, koma nati ya paipi ya oyilo inakana. Ndinaithira palafini wa a Nabanda, n'kuisiya ndikudya mbatata yootcha ndi thobwa lomwe anandipatsa. Nditabwerera inagonja. Ndinagoneka maraki awiriwo moyandikana: utali umodzi, mabowo ofanana, mano a polumikizira chiwongolero ofanana. Yawoyo inali yosalala m'kati, yopanda dzimbiri ngakhale pang'ono, poti yakhala pamthunzi zaka zonsezi.

Kuika yakufa m'galimoto yakufa kunanditengera ola lathunthu. Ndinamanga bawuti iliyonse, ndinalumikiza mapaipi, ndinawongola matayala ndi chingwe ngati kuti ikupita ku Lilongwe mawa. A Nabanda analowa, n'kukhala pampando wa dalaivala, n'kupotokola chiwongolero uku ndi uku.

"Akukhota?" anafunsa ali m'katimo.

"Onse awiri, mayi."

Anakhalamo kanthawi ndithu asanatuluke, ine n'kumalongedza masipanala mwakachetechete.

Wa njinga uja atafika anaona thumba lomwe lija n'kupukusa mutu. "Ndinakuuzani ine." Ndinamusiya akhulupirire choncho mpaka pa Waliranji, pomwe ndinamugulira chipisi cha pachiwaya n'kumuululira.

Pa Boma ndinafika dzuwa likulowa. Mawa lake ndinasintha timphira, ndinaika rakiyo, ndinathira oyilo n'kumapotokola chiwongolero mbali zonse mpaka thovu litatha. Galimotoyo a Tembo anaitulutsa okha pagalaja, n'kukhota pachipata ndi dzanja lofooka lija, osacheuka n'komwe kuti atsanzike.

Zaka makumi awiri ndakhala ndikufika pamakomo a anthu n'kuyamba ndi funso loti, "Mugulitsa zingati?" Sindinaganizepo zofunsa kuti ndikachotsa chomwe ndikufunacho, mwiniwake atsala akuyang'ana chiyani. Masiku ano ndikamapita kukagula chitsulo pa galimoto yoima, chakufacho ndimanyamula.