Zenera la a Orest

Mayi Darlene Hrycan akhala akulimbana ndi chisanu cha ku Manitoba moyo wawo wonse: masana kuphika pasukulu, akaweruka kutseka ming'alu ya nyumba ndi nsanza. Ndiye atapuma pantchito, iwo ndi amuna awo a Orest anamangitsa nyumba yoti mphepo isaone polowera. Makoma ochindikala, zitseko zothina, ndi chizenera choyang'ana kumadzulo, kuti a Orest, amene miyendo inali itayamba kukana, aziona minda ya tirigu ali khale pampando. Mitengo iwiri yomwe inkatchinga dzuwa anaigwetsa. Womanga atatchula makina oziziritsa m'nyumba, a Orest anaseka chikhakhali. "Ku Manitoba kuno? Mukufuna anthu atiseke?"

Anthu akuno ndife otero. Dzuwa sitiliopa, timachita kulipempha.

Nyengo yozizira anaidutsa osavala juzi, akudzitama kwa alendo. Koma nyumba yosunga kutentha siyang'ana mwezi. Pofika Julaye, dzuwa linkalowa pazenera lija n'kukhazikika ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Makatani analephera, fani inkangotakasa mpweya womwewo. Oika makina aja anati mpata ulipo mu Seputembala. Mayi Darlene anatopa nako kunyowetsa matawulo, kutopa kofika m'mafupa.

Tsiku lina a Orest anakomoka pampando pawo. Mwana wawo Tanya anathamanga kuchokera ku Winnipeg.

"Amayi, akangokomokanso ndiwatenga, akakhale kosungira okalamba. Sindikupempha ayi."

Tanya atapita, mayi Darlene anatenga mapepala onyezimira okutira nyama pootcha, n'kukwera makwerero panja. Kale ankanyoza nyumba zomata zimenezi kuti n'za anthu osadzilemekeza. Anamata galasi lonse, kungotsala kampata m'munsi.

Atalowa kudzatenga mpukutu wina anapeza m'nyumba muli mdima, koma mukupumika. A Orest anali pampando, maso ali pazenera lotsekedwalo.

"Amake Tanya, mwandikwirira ndili moyo."

"Imwani madziwo, bambo."

"Nanga kuno kwasiyana pati ndi kwa okalambako? Kumeneko mwina zenera liliko."

Mayi Darlene anapukuta thukuta ndi mkono. Mphamvu zokangana analibe.

"Zenera liliko," anatero. "Koma ine kulibe."

A Orest anatambasula dzanja n'kugwira mpukutuwo mbali imodzi, kuti akazi awo ang'ambe bwino chidutswa chotsekera kampata kotsalako.