Mkono wa woyimbira sagwira

Loweruka lina kukugwa mvula ndinkayimbira masewero a ragibi ku Maryhill, kunja kuno komwe ndimakhala. Nditapereka penate, wosewera wina, Mmalawi mnzanga wa kutchalitchi kwathu, anandigwira mkono ndi manja awiri, monga timachitira kwathu popepesa wamkulu.

"Pepani achimwene, taganizaninso."

Ndinamutulutsa ndi khadi lofiira. Lamulo la ligi silinyengerera: woyimbira sakhudzidwa ngakhale ndi chala.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo anandikokera pambali. "Unali ulemu ujatu, bambo. Musakamuneneze mnzathuyu kukomiti ya ligi, akamuimitsa kusewera."

Zoti unali ulemu ndinkadziwa, ndipo mtima unandiwawa. Koma sabata yotsatira wodzayimbira anali mtsikana wa konkuno, wa ku Shawlands, wongoyamba kumene, ndipo dzanja lomugwira iyeyo silikanabwera ndi pepani.

Lolemba m'mawa ndinakamuneneza wosewera uja.