Chipika cha Kutsinde

Amuna anga atamwalira, achimwene ananditenga kuti ndizikawathandiza kuphiri. Iwo ankacheka matabwa pamwamba pa phiri la Zomba ndi anzawo awiri, ndipo ine anandipatsa ntchito yopepuka, yopaka penti kumapeto kwa zipika zikangodulidwa. Chipika chachiwisi ukachisiya chomwecho chimauma msanga kunsonga n'kung'aluka, matabwa ake n'kuwonongeka. Penti amachititsa kuti chiziuma pang'onopang'ono. Tinkatola wotsala kwa omanga nyumba m'tauni, ndipo nthawi imeneyo tinali ndi wofiira.

Inali nyengo ya chiperoni. Mtengo waukulu wa mkungudza unagwa ndi mphepo kuseri kwa mabwinja a nyumba zomwe kale munkakhala ogwira ntchito m'nkhalango. Achimwene ataloledwa kuutenga, anaudula zipika m'mawa, kenako anatsetsereka ndi anzawo aja kukakumba dzenje lochekera. Ndinatsala ndekha ndi chitini ndi bulashi.

Zipika zonse penti anagwira bwino, koma cha kutsinde chinakana. Ndikapaka, penti ankayenderera pansi ngati ndapaka pamwala wonyowa. Ndinapukuta ndi chiguduli n'kupakanso, osatheka. Nditaikapo dzanja ndinamva kuti mtengowo ndi wofunda, chonsecho zala zanga zinali zitachita dzanzi ndi kuzizira.

Nditadzutsa mutu ndinaona abambo ena achikulire ataima m'nkhungu pafupi nane, atavala chijasi chakale ndi jombo. Mapazi awo sindinawamve. Anandipatsa moni mwaulemu, malankhulidwe awo a Chilomwe ngati a makolo athu, ndipo anafunsa ngati kumunsi anthu akolola bwino chaka chino. Nditayankha, analoza chipika chija.

"Mayi, mbali imodzi musatseke. Mundisiyireko."

Ndinaganiza kuti akufuna nkhuni. Ndinawauza kuti mwini ntchito ndi achimwene, adikire pang'ono abwera. Anangogwedeza mutu, n'kutembenuka kulowera kumabwinja kuja, kumene kulibe njira.

Achimwene atabwera masana ndinawauza za abambowo, koma anandiseka, amvekere otola nkhuni kuphiri kuno ndi ambiri. Anandilanda bulashi n'kupaka okha penti wambiri mbali zonse ziwiri za chipikacho, kenako anakhomerapo mapepala apulasitiki.

M'mawa mwake tinapeza pepala la mbali imodzi lili pansi, litapindidwa bwinobwino, misomali yake itaikidwa pamwamba pa chipika. Penti wa mbali imeneyo anali atachoka yense, mtengo uli mbee ngati wangodulidwa kumene. Pamatope panali mapazi athu okha adzulo.

Tsiku limenelo achimwene sanaseke, komanso sanafune kutaya mtengo wabwino chonchija. Analamula kuti chipikacho chikwezedwe padzenje nthawi yomweyo, ngakhale chinali chisanaume. Anacheka mpaka chapakati, sowo n'kulira pachitsulo. Atang'amba ndi mphano, tinaona kapu yachitsulo itamizidwa m'kati mwa mtengo, waya woikolekera ulipobe. Achimwene anati wina anaikoleka kalekale mtengo uli waung'ono, mtengowo n'kuimeza pokula, ndipo zotere zimachitika. Koma ataizula, m'kapumo munali madzi oyera, ndipo m'mene anawakhuthulira pansi ankatuluka nthunzi.

Mnzawo mmodzi, wa ku Malosa, anavala malaya ake n'kuuyatsa ulendo wotsika phiri osatsanzika. Otsalafe tinagubuduza chipika chija kuchibwezera pachitsa chake, kapu tinaisiya pamwamba. Zipika zinazo tinacheka, matabwa ake anali abwino ndithu.

Ndinagwirabe ntchitoyo miyezi ingapo, koma sindinkalolanso kutsala ndekha, ndipo achimwene sanandikakamize. Kenako ndinasiya n'kuyamba kugulitsa tomato pa Songani. Iwo akuchekabe mpaka lero, koma chakumunsi kwa phiri.

Nkhaniyi sitinaikambenso kwa zaka zambiri. Chaka chatha pamaliro a azakhali athu, tikuchokera kumanda, achimwene anandikokera pambali n'kundifunsa kuti abambo aja ankaoneka bwanji. Ndinawafotokozera zonse zomwe ndinkakumbukira, mpaka chipsera chomwe chinali pachibwano. Atamva za chipseracho anaoneka ngati akuwadziwa abambowo, koma anangoti tiye tikalonjere alendo asanabalalike.