Dzanja Lamanja la Josphat Linali ku Nyimba

Ndiyambe ndi kupepesa. Sindinalembepo kanthu kopitilila malipoti a ana a sukulu, ndipo ngakhale amenewo ndimawawelenga katatu ndisanasaine. Dzina langa ndine Titus Daka, mphunzitsi chabe wa Giledi 6 kuno ku Petauke. Ndikudziwa kuti alipo odziwa kulemba amene akanaigwila bwino nkhaniyi, koma iwowo sanakhalepo pakhonde la amai Bernadette Mumba maola atatu dzanja lili m'mwamba, ndiye yagwela ine. Ngati penapake ndalakwitsa tsiku kapena mtundu wa ulusi, mundikhululukile. Ndayesetsa kufunsa anthu awili pa chilichonse.

Amai Bernadette ndi amai anga aang'ono, mng'ono wawo wa amai ondibeleka. Anabadwila m'mudzi wina pafupi ndi Minga, m'chaka chimene chiphaso chawo chimati 1961 koma iwo amati mlembi anangoyelekeza. Kuluka anaphunzila ali mtsikana, kwa sisitele wina wa ku mishoni, ndipo kwa zaka zambili ankaluka vitambala vophimbila mipando, wailesi ndi chilichonse chimene sichimayenda. Singano yawo ya koloshi, ija yokhota kumutu, anawasulila malemu amuna awo a Whiteson kuchokela ku sipoko ya njinga. Ulusi sagula. Amasankha majuzi pa salaula, pamene amagulitsa zovala zakale, kuwamasula, kuuchapa ulusiwo kuti uwongoke, n'kuukulunga pa miyendo ya mpando.

Chimene amadziwika nacho masiku ano ndi magolovesi opanda zala. Amayambila pamkono, kukwela kuphimba chikhatho, kusiya bowo la chala chachikulu, n'kuthela pa mfundo za zala. Poyamba anthu ankawabweza.

"Amai, simunamalize," ankatelo.

"Zala n'zogwilila ntchito," amai ankayankha. "Ngati ufuna kuzifunditsa, kagone nazo."

Lelo a njinga zamoto ndi azimai ogulitsa tomato amawalimbilana ikafika Juni.

Koma pali lamulo. Amai sayeza ndi tepi, sawelenga mizele, sajambula papepala. Amalukila pa dzanja la mwini wake. Akamaliza mzele amati "bweletsa," amakuveka, amafinya apa ndi apo, amakuvula, n'kupitiliza. Pakati pa mzele ndi mzele sukhala chabe, chifukwa pakhomo pawo munthu sakhala chabe. Amakuikila lichelo pamiyendo, uziswa nshawa, zimene anzathu ena amati mtedza. Ndipo amaluka dzanja limodzi patsiku, ati maso atopa. N'chifukwa chake m'mwezi wa Juni mungakumane ndi munthu wamkulu ndithu pamsika atavala golovesi limodzi, ndipo palibe amamufunsa. Wa njinga yamoto wina anayenda milungu iwili ndi lamanzele lokha chifukwa amai anali ku malilo ku Kaumbwe.

Tsiku lina ndinawabweletsela tepi ndi kabuku, ndikuganiza kuti ndikuthandiza. Anayang'ana manambala a patepipo nati, "Fupa lili pati apa?" Tepiyo amamangila nayo thumba la nshawa mpaka pano.

Tsopano ndinene chimene chandilembetsa, ngakhale ndikuchita nacho manyazi.

Mwana wawo womaliza, Josphat, anapita ku Lusaka zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Amatsitsa makileti a tomato pamsika m'mamawa. Amaimbila amai ake pa kafoni kawo kakang'ono, koma zithunzi ndi mauthenga ataliatali zimadzela pa foni yanga, ine n'kukawaonetsa. Mu Januwale anandiimbila ineyo.

"Akulu, nili na mkazi," anatelo m'Chinyanja chake cha ku Lusaka. "Ni Vivian. Tinkala pamodzi."

"Nkhoswe ndani? Kwawo kunapita ndani?"

"Kulibe. Musawauze amama, nizawauza nekha."

Ndinavomela. Ndinaganiza kuti ndi nkhani ya mlungu umodzi. Inafika miyezi isanu. Amai Bernadette amandikhulupilila kuposa mmene ndimadzikhulupilila ndekha. Ndine ndimawawelengela makhadi a ku chipatala ndi makalata a fetelaiza, ndipo amauza anthu kuti Titus sanama chifukwa alibe nzelu zake. Ndinkadziwa kuti akadzazindikila kuti ndinawabisila mpongozi, zimenezi zidzathela pomwepo. Ndinalemba papepala njila zitatu zowauzila, koma iliyonse inali ndi pofunika kukonza.

Kumayambililo kwa Juni Josphat analakwitsa. Anauza amai ake pafoni kuti ku Lusaka kukuzizila moti manja amauma pogwila makileti. Amai anamasula juzi yobiliwila tsiku lomwelo. Vuto linali limodzi: manjawo anali ku Lusaka.

"Abwele nawo," anatelo.

"Akuti ntchito siilola, amai. Koma angathe kuika dzanja papepala n'kuzunguliza ndi pensulo, ine ndi..."

"Ndilukile pepala? Likumva kuzizila?"

Anaganiza zofuna manja ofanana ndi a Josphat kuno konkuno. Anayambila ku tchalitchi. Pa nthawi yopatsana moni wa mtendele ankagwila dzanja la mwamuna aliyense amene anali pafupi, osalisiya, kulifinya, kulitembenuza, kenako n'kulibweza akupukusa mutu. Lamulungu lachiwili azibambo onse anakhala mabenchi akutsogolo pothawa amai amene amakhala kumbuyo, chinthu chimene abambo mfumu akhala akupempha kwa zaka zambili.

Lamanzele analipeza pafupi. Ndinkawapatsila kapu ya madzi pamene anandigwila.

"Ili ndi la Josphat," anatelo. "Silinagwilepo ntchito, koma mafupa ndi a kwathu. Khala pansi."

"Nanga lamanja?"

Analiyang'ana mwachisoni. "Ili n'la choko, aphunzitsi. Lingakwane mtsikana wa kwaya."

Ndinakhala maola atatu, ndinaswa nshawa lichelo limodzi ndi theka, ndipo nthawi yonseyi ndinkafuna poyambila nkhani ya Vivian. Chimene ndinakwanitsa kunena ndi ichi: "Amai, zaka zisanu ndi chimodzi n'zambili. Mwina munthu amasintha. Ndikunena manja."

"Ndinawabeleka ine manjawo," anatelo. "Bweletsa."

Lamanja la Josphat, malinga ndi amai, ndi lotambalala chifukwa cha khasu, ndipo chala chachikulu chimaloza kunja pang'ono. Mu Petauke yense silinapezeke. Kenako anakumbuka kuti zaka ziwili zapitazo, pa malilo ena ku Mwape, anapatsana moni ndi mwamuna wina wogulitsa nthochi pamsewu ku Nyimba. Nkhope sanaikumbuke, dzina sanafunse, koma dzanja analisunga.

Loweluka tinakwela minibasi, ine ndi amai, ulusi, lichelo ndi kathumba ka nshawa, pakuti sanadziwe ngati ku Nyimba akazipeza. Titatsika anayamba kupatsa moni ogulitsa nthochi mmodzimmodzi. Azimai ankawadumpha mwaulemu. Wachisanu ndi chinayi, bambo wamfupi wa chipewa cha mpila, sanamusiye.

"Amai, mufuna nthochi kapena dzanja?" anafunsa bamboyo.

"Dzanja. Ndinu ndani, bambo?"

"Ndine Eddie Sakala."

"ASakala, khalani pansi. Ili ndi la mwana wanga."

A Sakala anandiyang'ana ine. Ndinayamba kufotokoza kuyambila pa sisitele uja, koma ndisanafike pa a Whiteson anali atakhala kale pa kileti, lichelo lili pamiyendo. Anzawo anasonkhana.

"Eddie, akukutomela?" anafunsa mzimai wa pa tebulo loyandikana nalo.

"Akutomela dzanja chabe," anayankha. "Zinazo akuti zilibe ntchito."

"Akunena zoona," anatelo mzimaiyo.

Vuto linali mabasi. Basi ikaima, a Sakala ankadzambatuka kuthamangila kumawindo ndi nthochi, nthawi zina golovesi lili kudzanja, ulusi ukuwatsatila pambuyo. Amai sankadzuka. Ankangomasula mpukutu ngati munthu woweza nsomba, basi ikanyamuka n'kuyamba kukoka. Kamodzi mpukutuwo unagubuduka kulowa kunsi kwa basi ya ku Chipata, ndipo ndinaukwawila ndine, nditavala thalauzi langa la kusukulu. Anthu awili ananditsimikizila pambuyo pake kuti kondakitala anandifunsa ngati ndine makanika.

Dzuwa litapendeka amai anadula ulusi, nawavula a Sakala golovesi lija, naliika m'chikwama.

"Aa, nanga langa?" anafunsa a Sakala.

"Ili n'la Josphat. Mukafuna lanu mubwele ku Petauke."

"Koma dzanja ndi lomweli, amai."

"Ndiye mubwele nalo."

Anatipatsa phava la nthochi. Mpaka lelo sindikudziwa chimene ankathokoza.

Magolovesi tinawatumiza pa basi Lolemba. Lachitatu Josphat ananditumizila uthenga wa mawu. "Akulu, sivilowa. Vifika chabe pa zala, manja yanga yanakula na makileti. Muwauze ati vakwana."

Ndinaganiza usana wonse, ndipo ndinapeza mawu amene sanali bodza. Nditaweluka ndinapita kwa amai. "Akuti afika bwino," ndinatelo.

"Sindinafunse za basi. Ajambule atavala."

Ndinamulembela Josphat. Patapita mphindi makumi awili chithunzi chinafika: manja awili atavala magolovesi obiliwila, chodulidwa bwinobwino pamkono. Nditangoona ndinadziwa kuti mnyamatayo waveka Vivian. Ndinafuna kunena kuti netiweki yathawa, koma amai anali atatenga kale foni. Anaitalikitsa, anaiyandikitsa, anatuluka nayo panja pa kuwala.

"Magolovesi ndi anga," anatelo. "Manja si a mwana wanga."

"Mwina ndi mmene foni imajambulila, amai. Nthawi zina..."

"Awa ndi manja a mkazi. Amachapa kwambili, ona khungu ili. Ndipo zala zatupa. Ali ndi pakati ameneyu, miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposelapo."

"Za mimba sindinadziwe," ndinatelo.

Ndinamva mawu angawo atatuluka kale. Amai anatsitsa foni pang'onopang'ono.

"Ndiye zinazo unadziwa."

"Inde, amai."

"Kuyambila liti?"

"Januwale. Pa 14, cha m'ma folo koloko."

Sanakalipe. Anafunsa dzina, ndinawauza. Anafunsa kwawo, ndinati sindikudziwa, ndipo chimenecho chinali choona. Anayang'ananso chithunzi chija.

"Lamanzele lamukwanako, poti n'lako, lofewa," anatelo. "Koma taona lamanja mmene likulendewela. Mwana wa eni ake, ali ndi mdzukulu wanga m'mimba, akuyenda mu Lusaka atavala dzanja la a Sakala a nthochi. Anthu akaona aziti walukayo ndani?"

Anandibwezela foni nalowa m'nyumba. Lichelo sanandipatse. Ndinaima pakhonde manja ali chabe, koyamba chibadwile.

Masiku anayi otsatila sanandiitane. Ndinamva kuti khadi lawo la ku chipatala anakawelengetsa kwa neba amene amawelenga ndi chala. Ndinamvanso kuti amasula juzi yachikasu, ulusi auchapa, aukulunga, koma sanayambe ngakhale mzele umodzi. Neba atawafunsa, amai anati manja a mpongozi wawo sanawagwilebe. Josphat anandiimbila kasanu ndi kawili, ine osayankha, chifukwa ndinali ndisanakonze chonena.

Tsiku lachisanu ndinapita ndekha. Ndinawapeza pakhonde, mpukutu wachikasu uli pamiyendo, koloshi ili m'tsitsi.

"Amai, ndinalakwa."

"Josphat ndi mwana, anaopa," anatelo osandiyang'ana. "Iwe unaopa chiyani, poti mkazi si wako?"

"Ndinkafuna mawu oyenela."

"Miyezi isanu. Ine chithunzi chimodzi."

Patapita kanthawi anati, ngati akuuza mpukutu uja, kumene kuli mtsikana kuli makolo ake, ndipo makolowo mpaka pano akuganiza kuti Josphat anagwa mumtengo, alibe amai, alibe akulu ake.

Ndinatulutsa foni pomwepo, pamaso pawo, osalemba kanthu papepala. Josphat atayankha ndinamuuza kuti sukulu ikangotsekela kumapeto kwa mlungu ine ndi amai tikukwela basi yoyamba, auze Vivian, ndipo Vivian auze kwawo kuti a ku Petauke akubwela kudzaonekela. Anayamba kunena kuti "akulu, imani pang'ono," ndinati ndaima kale mokwanila, ndinadula.

Amai sananene kuti zikomo kapena kuti nkhani yatha, ndipo sindikudziwa ngati khadi la mwezi wamawa adzandipatsa ine. Kwa makolo a Vivian ndikakalankhula ndine, ndipo n'kutheka kuti ndikalakwitsa. Koma ndatsimikiza mtima pa chinthu chimodzi. Kuyambila lelo uthenga uliwonse wofika pa foni yanga wokhudza amai Bernadette ndidzawafikitsila tsiku lomwelo, wonse, mmene wabwelela, ngakhale ndisanapeze mawu abwino ounenela.