Wometa wa Ana Amantha

Pamsewu wathu, pakati pa wosoka nsapato ndi sitolo ya mankhwala, pali kachipinda kometera ka mipando iwiri. Mpando umodzi ndi wa akuluakulu. Winawo anaugoneka thabwa pamwamba kuti mwana akakhalapo azidziona pagalasi. Eni ake a malowa tonse timawatchula kuti a Ukudziwa.

Anayamba kumeta ali mnyamata, ndipo poyamba iwo ankaona ana ngati tsoka. Mwana amapukusa mutu, amakuwa, wina mpaka kuluma. Tsiku lina kunabwera mayi ndi kamwana kolira mosatonthozeka, ndipo makina ometera atangoyamba kulira, kunja kunagunda bingu. Posowa chonena, wometayo anati, "Ukudziwa kuti ching'aning'ani ndi bingu zimanyamuka limodzi? Kungoti kuwala kuli ndi liwiro, pomwe phokoso ndi laulesi. Limafika mochedwa ngati bambo ako."

Mayi uja anaphulika kuseka. Kamwanako kanatong'ola maso pawindo kudikira kung'anima kwina, ndipo mvula isanakate tsitsi linali pansi.

Kuyambira pamenepo anayamba kutola tinkhani. Sukulu sanapite nayo patali, choncho ankafunsa makasitomala awo: aphunzitsi, madalaivala a mathiraki, ndi mkulu wina amene anapuma pantchito yoona zanyengo. Pakhoma panali kawailesi kakanema kakale komwe masana kankaonetsa masewero akunja, basiketibolo ndi besibolo, uja amamenya kampira kolimba ndi chibonga. Iwo masewerowa sanawasewerepo n'kamodzi komwe, koma anaona kuti ana amawayang'ana kukamwa kuli yasa, basi anayamba kufufuza za iwo.

"Ukudziwa kuti basiketibolo ikuyamba ankaponya mpira m'dengu la zipatso lenileni, losabooka pansi? Munthu akagoletsa, wina ankakwera makwerero kukautulutsa. Weramitsa mutu. Ukanakhalapo iwe, wokwerayo akanakhala iwe, poti sukhazikika."

Kapena: "Kampira ka besibolo kaja amakasoka pamanja ndi ulusi wofiira. Ndiye kakakhala katsopano amayamba akapaka matope kuti kasaterere. Iwe ukapaka matope malaya ako amayi amatani?"

Anali ndi lamulo limodzi: mwana sanamizidwa. Mwana akafunsa chomwe sakuchidziwa ankangoti, "Ndikafunsa. Ubwere tsitsi likakula." Ndipo ankafunsadi. Zoti mtambo umodzi woyera ungalemere kuposa njovu zambirimbiri anakana kuzinena mpaka mkulu wa zanyengo uja atawalumbirira.

Ukalamba unawalowera kudzanja lamanja. Linayamba kunjenjemera pang'onopang'ono, iwo n'kumabisa. Tsiku lina makina anatsetsereka n'kusiya kanjira pamutu pa mwana wa telala. Mwanayo sanavulale, telalanso sanadandaule, koma a Ukudziwa anamaliza kumetako, anapukuta makina, n'kuwapereka kwa mwana wawo wamkazi, amene anali atayamba kale kumeta pampando wa akuluakulu.

"Kuyambira lero ndi ako," anatero, n'kupita kunyumba.

Mwana wawoyo dzanja lake ndi labwino kuposa la bambo ake, zimenezo aliyense amavomera. Koma ndi munthu wosayankhulayankhula. Ana anayambiranso kulira, ndipo makolo ena anayamba kupita kwina. Madzulo ena anafika kwa makolo ake ali wotopa.

"Ababa, bwererani. Simugwira makina ayi, muzingokhala pabenchi."

"Wometa wopanda dzanja akatani kometera? Ndikakhale chithunzi?"

Akazi awo anayankhira kukhitchini. "Mutengeni, mwanangu, chonde. Kuno andikwana. Dzulo ndikuyanika zovala akundiuza kuti matalala ukawadula pakati ali ndi mikombero ngati anyezi. Ine ndine mwana?"

"Nanga si zoona?"

"Zoona zanuzo kauzeni eni ake."

Anakana kwa masabata angapo. Chomwe chinkawavuta, anandiuza pambuyo pake, sichinali ulesi. Ankaopa maso a anthu. Moyo wawo wonse ankaima kumbuyo kwa mutu wa munthu, osaonedwa bwino, ndipo tsopano anayenera kukhala kutsogolo, dzanja likugwedezeka poyera.

Anabwerera tsiku lina m'mawa, atavala jekete, dzanja ali nalo m'thumba. Ine ndinalipo ndi mwana wa mchemwali wanga, kamtsikana kamene kanabwera kudzachepetsa tsitsi ndipo kanali katayamba kale kusisima. A Ukudziwa anakhala pabenchi moyang'anana nako, n'kuyamba kukafotokozera kuti kunja kukatentha kampira ka besibolo kamauluka patali kusiyana ndi kukazizira. Nkhani itakoma anaiwala, anatulutsa dzanja kuti asonyeze mmene kamaulukira.

Kamtsikanako kanasiya kusisima. "Agogo, bwanji dzanja lanu likuvina?"

Mwana wawo anazimitsa makina.

A Ukudziwa analiyang'ana dzanjalo kwa kanthawi, ngati la munthu wina. "Adokotala akuti uthenga wochoka m'mutumu kupita kudzanja sukuyenda bwino," anatero. "Ine ndimaliuza kuti likhale phee, ilo silimva."

"Limapweteka?"

"Ayi. Limangondichititsa manyazi."

Kamtsikanako kanaganiza pang'ono. "Inenso mwendo wanga umatero ndikakhala pamzere wa jakisoni."

"Ndiye tilipo awiri," anatero iwo, ndipo anasiya dzanjalo pabondo, osalibwezeranso m'thumba. Mwana wawo anayatsa makina n'kupitiriza ntchito.

Masiku ano amabwera m'mawa uliwonse kupatula kukazizira kwambiri. Masana amakadya kunyumba, ndipo akazi awo akuti akafika amakhala atatopa moti amadya osayankhula, kenako n'kugona pampando nsapato zili kuphazi.